Khodi imodzi, maseva atatu

Pulogalamu ikamachoka pa laputopu ya woilemba kupita pa seva yoyeserera, kenako pa seva imene anthu akugwiritsadi ntchito, khodi yake siyenera kusintha ngakhale chilembo chimodzi. Zosintha ndi zina: dzina la database, mawu achinsinsi, nambala ya port. Kale ambiri ankangozilemba m'khodi momwemo, ndiye tsiku lokweza pulogalamu munthu ankatsegula fayilo n'kumasintha pamanja, mtima uli m'mwamba.

Njira yozipatulira ndi yakale kuposa mmene achinyamata amaganizira. Unix ya ku Bell Labs, Version 7 ya mu 1979, inali kale ndi ma environment variable monga PATH ndi HOME, amene makina amapatsira pulogalamu ikamayamba. Windows inakonda mafayilo a INI. Java inatuluka mu 1996 ili ndi kalasi ya Properties, yowerenga mizere ya dzina kumanzere, yankho kumanja.

Koma amene anatizoloweretsa zogawa malo patatu ndi David Heinemeier Hansson. Ruby on Rails yake ya mu 2004 inali ndi fayilo ya database.yml yokhala ndi zigawo za development, test ndi production. Kuno kwathu ena anaidziwira pa mapulogalamu a m'zipatala a Baobab Health Trust, amene analembedwa ndi Rails. Kafayilo kameneka n'kaudongo, koma padziko lonse anthu ankakakankhira ku GitHub mawu achinsinsi ali momwemo. N'chifukwa chake mu 2011 Adam Wiggins wa ku Heroku, m'chikalata cha The Twelve-Factor App, analangiza kuti zonsezi zichoke m'khodi zizikhala mu environment. Chaka chotsatira Brandon Keepers anatulutsa dotenv, fayilo ija n'kubwerera ndithu, itangosintha dzina kukhala .env. Mpaka lero alipo amene amaiwala kuilemba mu .gitignore.

Kwa ine, nkhani inafika penipeni pamene zinthuzi zinayamba kuthiridwa mu object. Environment sidziwa nambala, sidziwa inde kapena ayi. Zonse ndi zilembo basi. Mulembe DEBUG=false, Python iwerenge ndi bool(), ikuuzani True, chifukwa yangoona kuti mwalembedwa kanthu. Zikatero seva yeniyeni imayamba kuonetsa zamkati mwake kwa aliyense wodutsa. Spring Boot ya mu 2014 inabwera ndi @ConfigurationProperties: mumalemba kalasi, port n'kukhala nambala, ndipo application-prod.properties imadzaza malo ake. ASP.NET Core ya mu 2016 inasanjikiza ngati zofunda m'nyengo yozizira: pansi appsettings.json, pamwamba pake appsettings.Production.json, pamwamba penipeni ma environment variable, chapamwamba chikuphimba chapansi. Ku Python, BaseSettings ya pydantic imakana kupanga object ngati chofunika chasowa. Ine kukanako ndimakukonda. Bola pulogalamu ife m'mawa ndili pa desiki kusiyana n'kuti ikafe usiku kasitomala ali pakati polipira.

Pali pamodzi pamene a Rails ndi a ASP.NET Core sanamvane mpaka pano. Mukaiwala kutchula RAILS_ENV, Rails imaganiza kuti muli pa development. Mukaiwala ASPNETCORE_ENVIRONMENT, ASP.NET Core imaganiza kuti muli pa Production, n'kubisa tsatanetsatane wa zolakwika. Apa ndili mbali ya Microsoft, ngakhale anzanga a Rails sandimvetsa.