Chipsera cha Tiger 131

Kasinja wanga wa rimoti, Tiger I wa sikelo ya 1/16, ndinamugula ali wothyoka. Nditamukonza ndinamupenta mpaka kuwala, koma mtima sunakhazikike. Kasinja wa kunkhondo sawala chonchi ayi.

Ndiye ndinatsanzira Tiger 131, amene asilikali a Britain anamugwira ku Tunisia mu Epulo 1943. Chipolopolo chinakanirira pansi pa mutu wake wozungulira, mfuti osatembenukanso, asilikali a Germany n'kuthawa kumusiya. Lero ali ku Bovington, ndipo amayendabe.

Ndinapaka utoto wa mchenga, kuwaza fumbi, kenako n'kukanda chipsera chija ndi mpeni. Dzanja linkanjenjemera, poti m'kasinja weniweniyo munkakhala anthu asanu. Ndikamuyendetsa pabwalo ana amakondwa, ine ndimakumbukira asanuwo.