Ubale wa boma la Kamuzu Banda ndi asilikali a Malawi

Kuyambira 1964 mpaka 1993, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linali ndi magulu awiri onyamula zida kupatula apolisi. Lina linali gulu la asilikali a dziko, lochokera ku King's African Rifles yomwe anthu ankaitcha Keyala. Lina linali la Malawi Young Pioneers, kapena kuti apayoniya, lomwe linali la chipani cha Malawi Congress Party. Akatswiri a mbiri amati Kamuzu ankadalira kwambiri apayoniya chifukwa sankakhulupirira asilikali.

Chiyambi cha chikayiko

M'zaka zimenezo atsogoleri ambiri mu Africa ankaopa asilikali awo omwe. Mu Januwale 1964 asilikali anaukira mabwana awo ku Tanganyika, Uganda ndi Kenya, ndipo mu 1966 asilikali a ku Ghana analanda boma la Kwame Nkrumah. Kuno kumudzi, Kamuzu anakangana ndi nduna zake mu Seputembala 1964. Henry Chipembere anayesa kugwetsa boma ndi zida mu Febuluwale 1965, Yatuta Chisiza anayesanso mu 1967. Asilikali anathandiza kuthetsa zoukirazi, komabe gulu lawo linakhalabe laling'ono, ndipo linkatsogoleredwa ndi azungu mpaka 1972 pomwe Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulitsogolera.

Gulu la apayoniya linakhazikitsidwa mu 1963 ndipo alangizi ochokera ku Israel anathandiza kuliphunzitsa. Pa maso pa anthu ntchito yake inali kuphunzitsa achinyamata ulimi ndi mwambo, ndipo ntchitoyi linkagwiradi. Koma linalinso ndi mfuti ndi akazitape ake, ndipo mkulu wake anali Kamuzu mwini. Msilikali ankakhala ku balakisi, monga ku Cobbe ku Zomba, Moyale ku Mzuzu kapena ku Mvera m'boma la Dowa, pomwe mpayoniya ankapezeka pakati pa anthu m'maboma onse.

Nkhondo ya ku Mozambique

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakulitsa udaniwu. Malawi ndi Mozambique atagwirizana za chitetezo mu Disembala 1986, asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala kuyambira 1987, ndipo ena anafera komweko. Nthawi yomweyo boma la Malawi, makamaka kudzera mwa apayoniya, linkanenedwa kuti likuthandiza Renamo, ngakhale linkakana. Kwa msilikali amene ankawomberedwa ndi Renamo m'tchire, mphekesera imeneyi sinali nkhani yaing'ono.

Operation Bwezani

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu, ndipo panali mgwirizano woti apayoniya alandidwe zida, koma zinkachedwa. Pa 1 Disembala 1993 apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu atakangana pamalo omwera mowa. Pa 3 Disembala asilikali anathira nkhondo likulu la apayoniya ku Lilongwe ndi malo awo ena m'dziko muno. Apa n'kuti Kamuzu akuchira atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, dziko likuyendetsedwa ndi khonsolo yotsogoleredwa ndi Gwanda Chakuamba. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique.

Asilikaliwo, omwe boma linkawaopa kwa zaka pafupifupi 30, sanalande boma. Atalanda zidazo anabwerera ku balakisi, ndipo chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994, pomwe Bakili Muluzi anapambana.