Tizipangizo ta NFC ndi msonkho wa pa chipata

Amalonda a ku Euthini, m'boma la Mzimba, amene amaoda katundu ku Johannesburg ayenera kudziwa kuti tizipangizo ta NFC si timapepala tomata wamba, ngakhale timaoneka choncho. Mkati mwake muli kachipu ndi kawaya kopyapyala. Tilibe batire: timatenga mphamvu ku foni ikayandikira pa mtunda wa masentimita ochepa. Luso lomweli ndi limene lili m'makhadi a ku banki ongogunditsa polipira.

Pa ndondomeko ya Harmonized System, yomwe bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority limatsata, tizipangizoti kawirikawiri timalembedwa pa nambala 8523.52, pamodzi ndi makhadi okhala ndi chipu. Makina otiwerengera ali ndi nambala yawoyawo. Kulemba nambala yolakwika pa chipata cha Mwanza kapena Dedza kungachititse kuti katundu agwidwe, mwini wake n'kulipira chindapusa.