Kashembe, DDT ndi nsikidzi: mbiri ya mpope ku Kacholola

Galimoto yochokera ku Lusaka ikawoloka mlatho wa Luangwa imayamba kukwera mapiri ikulira, ndipo pofika pa Kacholola aliyense amakhala atanyowa ndi thukuta. Dera ili, lomwe kale linali pansi pa Petauke Nyimba isanakhale boma pa yokha, lili m'mphepete mwa chigwa chimene tizilombo take tinalowa m'mabuku a madokotala. Achikulire amene ankayenda misewu yochoka kuchigwaku amakumbukira zipata za kashembe. Galimoto inkaima, bambo wa yunifomu n'kuizungulira atanyamula kaukonde, kusuzumira kunsi ndi m'mipando, kenako n'kupopera ndi mpope wapamanja. Palibe ankafunsa kuti mwana wa sukulu wokhala pa thumba la ufa kumbuyo kwa lole wapuma chiyani.

Zipatazo zinali ndi chifukwa chake. Mu 1910 asayansi awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza kachilombo ka kaodzera m'magazi a mzungu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa, n'kukatcha Trypanosoma rhodesiense. Pofika 1912 Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, akugwira ntchito m'chigwa momwemo, anasonyeza kuti kashembe wa m'tchire ndiye amafalitsa matendawa, ndipo kachilomboko kamakhala m'nyama zakutchire. Atsamunda anayankha ndi nkhwangwa ndi mfuti: kugwetsa mitengo, kupha nyama, kusamutsa midzi.

Kenako kunabwera DDT. Paul Müller wa ku Switzerland anatulukira mphamvu yake mu 1939 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1948. Anali mankhwala otchipa, okhalitsa pa khoma, ndipo anthu anawakonda ngati mvula yoyamba. Ankapha udzudzu, nsabwe ndi utitiri. Kukhalitsa komweko ndi kumene kunadzawaipitsa, pakuti DDT sawola msanga, amaunjikana m'mafuta a thupi ndipo amapezeka ngakhale mu mkaka wa m'mawere. Rachel Carson atatulutsa buku lake la Silent Spring mu 1962 dziko linayamba kukayika, ndipo America inaletsa kuwagwiritsa ntchito m'minda mu 1972.

Koma malungo sanawerenge bukulo. Pangano la ku Stockholm la 2001 linasiya khomo lotsegula kwa maiko olimbana ndi udzudzu, ndipo kampani ya Konkola Copper Mines inali itayambiranso kupopera DDT m'nyumba za ku Chingola ndi Chililabombwe mu 2000. Boma la Zambia linatsatira. Udzudzu utayamba kupirira mankhwalawo, opopera anasinthira ku ena, monga Actellic wopopera makoma, amene anthu a ku Eastern Province amamudziwa ndi fungo lake.

Nzeru yochititsa chidwi kwambiri inachokera kwa kashembe yemweyo. Ku Rekomitjie, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe, Glyn Vale ndi anzake anaona kuti kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu, amatera pa chakuda, ndipo amatsatira fungo la mpweya wa ng'ombe. Choncho anapanga kansalu ka buluu ndi kakuda konyika m'mankhwala, kopachikidwa pa chitsulo, pambali pake kabotolo kotulutsa fungolo. Nsaluzi zinafala m'zaka za m'ma 1980 pansi pa ntchito yogwirizana ya Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo zinafika m'tchire la ku Eastern Province. Mankhwala anasiya kuthamangira tizilombo m'nkhalango yonse, anakhala pa kansalu kamodzi n'kumadikira. Neti yonyika m'mankhwala imayenda pa nzeru yomweyo, kungoti nyambo yake ndi munthu wogona m'katimo.

M'chipinda chogona ana a sukulu mdani wamkulu si wa m'mabuku a ku Liverpool. Ndi nsikidzi. Zimabisala m'misoko ya matiresi, m'ming'alu ya khoma ndi m'mfundo za bedi, zimabwera m'katundu wa mwana mmodzi n'kudzaza chipinda chonse teremu isanathe. Izo zinayamba kupirira DDT zaka zochepa chabe atangofala, ndipo m'maiko angapo a kuno kumwera anthu ankadandaula kuti opopera akadutsa nsikidzi zimatuluka m'makoma zolusa, mpaka ena ankamata khoma ndi dothi latsopano, n'kukwirira mankhwala a udzudzu omwe.

Njira yakale ya m'sukulu zogonera konko sinafune botolo. Loweruka la mwezi wa Okutobala matiresi onse ankatulutsidwa pa dzuwa, mabedi n'kuthiridwa madzi owira ochokera ku khitchini, ana akukolopa ndi kuseka, ming'alu n'kumatidwa. Asayansi amavomereza: kutentha kopitirira madigiri 50 kumapha nsikidzi ndi mazira ake omwe. Madzi owira salephera pamene afika, ndipo dzuwa la ku Luangwa silipempha malipiro, ngakhale nsikidzi yochenjera imathawira kunsi kwa matiresi ngati satembenuzidwa.

Vuto ndi kalendala. Makoma amapoperedwa mvula isanayambe, cha m'ma Okutobala ndi Novembala, pamene teremu yachitatu ili m'kati ndipo mayeso ali pakhomo. Malangizo a opopera ndi odziwika: tulutsani chakudya, madzi ndi ziwiya, dikirani panja maola awiri, tsegulani mawindo, sesani tizilombo takufa mukataye m'chimbudzi nkhuku zisanatole. M'nyumba ya banja limodzi ndi zosavuta. M'chipinda cha ana makumi asanu, aliyense ali ndi shuga, chiwaya ndi mtedza m'sutikesi, pamafunika mphunzitsi wosatopa. Mwana amapuma mpweya wambiri poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lake, ndipo dzanja logwira khoma silichedwa kupita kukamwa. N'chifukwa chake mankhwala a nsikidzi ndi mphemvu, amene sadikira mvula, amayenera nthawi ya tchuthi ya Epulo kapena Ogasiti, zipinda zili zopanda anthu.

Kunkhokwe nako zinthu zasintha. Agogo ankasakaniza mbewu ndi phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Kenako kunabwera ufa wa Actellic, umene umafuna muyeso weniweni, osati wa maso. Lero kuli matumba a PICS, opangidwa ndi nzeru za ku yunivesite ya Purdue, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati. Akamangidwa bwino mpweya umatha ndipo anankafumbwe amafa okha, chimanga n'kupita kuchigayo chopanda mankhwala alionse.

Kuyambira 2011 bungwe la ZEMA ndilo limapereka chilolezo cha mankhwala ophera tizilombo m'Zambia, m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Komabe m'misika ya m'mbali mwa Great East Road timabotolo topanda chizindikiro timagulitsidwabe pafupi ndi nthochi za ku Nyimba, ndipo kholo lopereka ndalama ya m'thumba pa tsiku lotsegulira sukulu silidziwa kuti ina ikagula timabotolo totere.