Kugunda kwa Koloko ndi Zida Zowonjezera pa Makompyuta Akale

M'kati mwa kompyuta muli koloko. Sikoloko youza nthawi ayi, ndi kamwala ka kwatsi kamene kamanjenjemera magetsi akakadutsa, ndipo ziwalo zonse zimayenda motsatira kugunda kwake. Aliyense amene ankafuna kulumikiza chida chatsopano pa makompyuta a m'nyumba a m'ma 1970 ndi 1980 ankayamba wafufuza waya umene ukutulutsa kugundako.

Pamene Apple II inkatuluka mu 1977, Steve Wozniak, amene anaipanga, anali atasiyamo mipata 8 yolowetsamo makadi. Kamwala kake kankagunda pa 14.318 MHz, nambala yochokera ku wailesi yakanema ya ku America, ndipo akaigawa ndi 14 ankapeza liwiro la purosesa ya 6502, lopitirira pang'ono 1 MHz. Luso lenileni linali apa: kugunda kulikonse kunali ndi magawo awiri. Gawo lina purosesa inkagwiritsa ntchito memore, gawo linalo inkapatsa mpata chiwalo chojambula zithunzi. Mayi aliyense wa ku Nachisaka amene anakonolapo chimanga ndi mnzake mumtondo umodzi angazimve msanga. Wina akatsitsa munsi, mnzake wakweza. Akasemphana, minsi imawombana, chimanga n'kumwazika. Ngakhale SoftCard, khadi la Microsoft la 1980, imene inkabwera ndi purosesa yakeyake ya Z80, inkayenera kudikira nthawi yake chimodzimodzi.

Ku Britain kunali za mitundu iwiri. ZX81 ya Sinclair ya 1981 inali ndi memore ya 1 KB basi, choncho anthu ankagula kabokosi ka 16 KB kosomeka kumbuyo. Kakangogwedera pang'ono, pulogalamu imene munthu wailemba usiku wonse inkafufutika, moti ena ankakamata ndi zomatira za Blu-Tack. Chaka chomwecho Acorn inatulutsa BBC Micro, ndipo kwa ine awa ndiwo anaganiza mozama. Makinawa ankathamanga pa 2 MHz, koma anali ndi khomo la 1 MHz: akamalankhula ndi chida chochedwa, ankatalikitsa kugunda kwawo kuti chidacho chiwapeze. Khomo lina, lotchedwa Tube, linkalola purosesa yachiwiri kuyendera koloko yakeyake, awiriwo n'kumangopatsirana uthenga pakhomopo.

Kenako kunabwera mpikisano wa liwiro. IBM PC ya 1981 inkayenda pa 4.77 MHz, ndipo masewera ambiri ankawerengera nthawi pa liwirolo. Makina othamanga atabwera, masewerawo ankathamanga mosaseweredwa. N'chifukwa chake kunabwera batani lotchedwa Turbo, limene ntchito yake yeniyeni, moseketsa, inali kuchedwetsa makina. Mu 1996 kampani ya Creative Micro Designs inapangira Commodore 64 ya 1982 chida cha 20 MHz chotchedwa SuperCPU, koma nachonso chikafuna kukhudza ziwalo zakalezo chinkabwerera ku liwiro lawo.

Zambiri mwa izi zinatidutsa kuno kwathu. Makinawa ankafuna wailesi yakanema yoonetserapo, pomwe Television Malawi inayamba mu 1999. Komabe luso losandutsa makina a m'nyumba linatipeza ndithu. Ku America kunali kamakina kotsegulira intaneti kotchedwa i-Opener, kogulitsidwa pa madola 99, kamene malonda ake anagwa msanga. A Gerry Douglas ndi anzawo a Baobab Health anatola timakinati, n'kutiikira galasi lodina ndi chala, ndipo mu 2001 tinayamba kulemba odwala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central.

Masiku ano okonda makina akale amasomeka Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono imene inatuluka mu 2012, pakhomo la Tube kuti izinamizira kukhala purosesa yachiwiri. Imathamanga kuposa BBC Micro kambirimbiri, koma iyenerabe kuyankha kugunda kumodzi kwa makina akalewo kusanathe. Wokonza mawailesi wa pa Mponela amene angafune kuyesa zotere asamale chinthu china: mawaya a makina akale amatulutsa mavoti 5, pomwe Pi imapirira 3.3 okha, ndiye popanda kachida kotsitsa mphamvu pakati imapsa.