Malaibulale ndi ufulu wodziwa za boma ku Dedza

Nzika iliyonse ya Malawi ili ndi ufulu wofunsa ndi kulandira uthenga umene maofesi a boma akusunga. Ufuluwu unalembedwa m'gawo 37 la malamulo aakulu oyendetsera dziko a mu 1994, ndipo lamulo la Access to Information ndilo limafotokoza njira yofunsira. Nkhani ya malaibulale imalowapo chifukwa uthenga umafuna malo okhala: chipinda chimene mlimi, mphunzitsi kapena nyakwawa angalowemo osalipira, n'kupeza chikalata ndi munthu womuthandiza kuchimvetsa. M'boma lamapiri ngati Dedza, kumene midzi yambiri ili kutali ndi ofesi ya bwanamkubwa, kusowa kwa malo otere kumalepheretsa lamulo kugwira ntchito yake.

Chiyambi

Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 1967 ndipo linayamba ntchito mu 1968. Likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo udindo wake ndi kufikitsa mabuku kwa anthu m'dziko lonse. Chaka chomwecho cha 1968 kunabweranso lamulo lounika ndi kuletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu, la Censorship and Control of Entertainments. Choncho boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linatsegula malaibulale kwinaku likusankhira anthu zowerenga. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale mu 1985, mwini wake n'kumangidwa mu 1987.

Zikalata zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Akatswiri osamala mabuku anapanga bungwe lawo, Malawi Library Association, mu 1976.

Lamulo la ufulu wodziwa

Ngakhale gawo 37 linalipo, lamulo loliyendetsa linachedwa kwambiri. Atolankhani, makamaka a bungwe la MISA Malawi, analimenyera kwa zaka zoposa khumi. Nduna za boma la Joyce Banda zinavomereza ndondomeko yake mu 2014, aphungu anavomereza bilu mu December 2016, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anasaina mu February 2017. Ngakhale zinatero, lamuloli linakhalabe m'kabati mpaka pa 30 September 2020, tsiku limene nduna yofalitsa nkhani Gospel Kazako, m'boma la Lazarus Chakwera, inaika kuti liyambe kugwira ntchito.

Ofesi iliyonse ya boma, kuphatikizapo khonsolo, iyenera kukhala ndi munthu wolandira mafunso a anthu. Yankho liperekedwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, kapena maola 48 ngati nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu. Wosadziwa kulemba angathe kufunsa pakamwa. Pali zina zimene ofesi ingakane kuulula, monga zachitetezo cha dziko ndi zinsinsi za munthu payekha. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti lamuloli litsatidwe.

Gawo limene silikambidwa mokwanira ndi lakuti maofesi ayenera kufalitsa okha zikalata zina popanda wowafunsa. Apa m'pamene laibulale ili yofunika koposa, pakuti kufalitsa kwa masiku ano nthawi zambiri kumathera pa intaneti.

Mmene zilili ku Dedza

Pa kalembera wa 2018 boma la Dedza linali ndi anthu 830,512, ambiri a iwo alimi a chimanga, nyemba, mbatatesi ndi ndiwo zamasamba. Tauni ya Dedza, imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 m'tsinde mwa phiri, ndi kumene kuli maofesi a khonsolo. Koma wochokera ku Mayani, Lobi, Thete, kapena kuchigwa ku Golomoti ndi Mtakataka, ayenera kulipira galimoto kapena kabaza ndi kutaya tsiku la kumunda kuti akangofunsa. Kalembera yemweyo anapeza kuti m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Chikalata chachingerezi choikidwa pa intaneti sichimufika munthu amene foni yake amakatchajitsa pamsika.

Zimene anthu amafuna kudziwa si zapatali. Ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) zabwera zingati chaka chino ndipo mlatho uja anapatsidwa kontrakitala uti? Mayina a olandira feteleza wotsika mtengo anasankhidwa bwanji? Malire a nkhalango ya Chongoni kapena ya Dedza-Salima adutsa pati? Chiyambire ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu mu 1998, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC amayembekezeka kulondoloza ntchito za khonsolo. N'zosamveka kupatsa komiti udindo wolondoloza ndalama zimene bajeti yake sinaionepo.

Dedza si boma losowa mabuku konse, ayi. Ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni Centre mu 1976, ndipo kumasungidwa zambiri za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Kuli sukulu ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Chongoni, ndi sekondale ya boma ya Dedza imene ndi imodzi mwa zakale m'dziko muno. Vuto ndi lakuti mabuku a m'malo otere ndi a ophunzira ndi ofufuza. Bungwe lophunzitsa anthu za ufulu wawo la NICE, limene linayamba mu 1999, linayesa kutseka mpatawu potsegula malo owerengera nyuzipepala ndi timabuku ta ufulu m'maboma ndi m'midzi, ndipo wailesi ya Bembeke FM imafikitsa mauthenga m'Chichewa. Koma mawu a pawailesi amapita ndi mphepo. Munthu sangabwerere kukaonanso nambala imene inatchulidwa dzulo.

Zimene olimbikitsa malaibulale amapempha

Pa dziko lonse, bungwe la malaibulale la IFLA linatsogolera chikalata cha Lyon Declaration mu 2014, ndipo chaka chotsatira ufulu wopeza uthenga unalowa m'zolinga za chitukuko za United Nations monga mfundo 16.10. Dziko la Malawi linavomereza zolingazo. Moto umene unapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu December 2015, pa sukulu yomwe imaphunzitsa akatswiri a malaibulale, unaonetsa mmene chuma cha mabuku chingathere usiku umodzi.

Pempho loyamba ndi ndalama zokhazikika m'bajeti ya dziko ndi ya khonsolo, chifukwa mabuku a mphatso ochokera kunja, monga a Book Aid International, amathandiza ana kuwerenga koma sanena za mlatho wa ku Linthipe. Lachiwiri ndi antchito ophunzitsidwa, odziwa kuthandiza munthu kulemba pempho lake ku ofesi ndi kukadandaula ngati wakanizidwa. Lachitatu ndi lotsika mtengo kuposa onse, ndipo khonsolo ya Dedza ingathe kulichita popanda kudikira lamulo latsopano: bajeti ya chaka, ndondomeko ya chitukuko cha boma, mfundo za misonkhano ya makhansala ndi mndandanda wa makontrakitala zimasuliridwe m'Chichewa, zisindikizidwe, ziikidwe m'malo ophunzitsirako aphunzitsi a TDC amene ali kale m'zoni iliyonse ya sukulu, ndipo chitseko chitsegulidwe kwa aliyense pa tsiku la msika.