Kutsimikizira

Ambiri amati “kulowa” akafuna kunena zimene pulogalamu imachita popereka dzina ndi mawu achinsinsi ku seva. Mawu oyenera ndi “kutsimikizira”, kutanthauza kuonetsa umboni kuti ndiwedi mwini dzinalo. Kusiyanaku kumaoneka bwino mu libcurl, laibulale yotumizira ndi kulandirira zinthu pa intaneti imene Daniel Stenberg wa ku Sweden anatulutsa m'chaka cha 2000. Wolemba pulogalamu amaika dzina ndi mawu achinsinsi pa CURLOPT_USERPWD, n'kusankha njira pa CURLOPT_HTTPAUTH. Akapanda kusankha, libcurl imatenga njira ya Basic, ndipo apa palibe khomo loti ulowepo kamodzi n'kukhala pansi: umboniwo umapita ndi pempho lililonse, utangolembedwa mwa base64, imene aliyense angathe kumasula.

Ena anganene kuti uku n'kungolimbana ndi mawu, popeza HTTPS imabisa zonse panjira. Imabisadi, koma amene akudziona kuti walowa kale safunsanso kuti chinsinsi chake chikupita kangati, ndiponso kwa yani. N'chifukwa chake libcurl ikalozeredwa ku seva ina sipereka mawu achinsinsiwo kumeneko, pokhapokha mwini pulogalamu atalola pa CURLOPT_UNRESTRICTED_AUTH.